Masiku Asanu Kuchokera ku Chiponde

Inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, ndiloleni ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Kwa zaka zingapo ndinkaphunzitsa ndakatulo ngati dalaivala wa minibasi wothamangira anthu pa siteji. Kuwerenga kamodzi, kulemba mfundo pa bolodi, belu likangolira basi zatha. Nkhawa yanga inali yomaliza silabasi. Chimene chinanditsegula maso ndi ulendo wina wa pa holide.

Kuchoka kwathu ku Chiponde, pamalire ndi dziko la Mozambique, kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa tsiku limodzi. Umadutsa pa Namwera, n'kutsetsereka mapiri a Chowe, n'kuwoloka Shire kawiri, pa Mangochi Boma ndi pa Liwonde, kenaka Zomba. Msewu umenewu ndinali nditauyenda kambirimbiri, nthawi zambiri ndikusinza. Ulendo uno ndinaganiza zoupatsa masiku asanu.

Masiku atatu oyamba ndinagona m'kanyumba kamatabwa m'nkhalango ya pamwamba pa phiri la Zomba. Tsiku loyamba ndinanyong'onyeka kwabasi. Kunkazizira, nkhungu ili tolo, ndipo foni inkangogwira mwa apo ndi apo. Madzulo mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire, anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, mwaonako chiyani lero?” Ndinati, “Mitengo basi, bambo.” Anaseka mpaka kutsokomola.

M'mawa mwake anandiperekeza. Anandisonyeza kusiyana kwa paini wodzalidwa m'mizere ndi mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, umene damu lake limamwetsa mzinda wa Zomba. Tinakafika pa Emperor's View, malo amene anatchedwa choncho chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia yemwe anadzacheza mu 1965. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu kuti nkhungu ichoke, ndipo itachoka nyanja ya Chilwa inaonekera patali. Pofika tsiku lachitatu ndinayamba kuona ndekha. Ndinaona zitsa zopserera ndi moto. Ndinaona amayi akutsika phiri atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, akuyenda mopendekeka kuti asaterereke.

Tsiku lachinayi ndinatsika n'kukwera basi ya ku Blantyre. Kumeneko ndinapita ku Mandala House, nyumba imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ankavala. M'nyumbamo ndinapezamo zithunzi zojambula pamanja ndi ziboliboli zogulitsa. Mtengo wake sunali wa thumba la mphunzitsi, koma kuona kunali kwaulere.

Chithunzi china chinali cha mayi atasenza nkhuni. Likanakhala kale ndikanangoti, “Mayi wasenza nkhuni,” n'kupitirira. Koma ndinaima. Ndinaona kuti wojambulayo anakhotetsa khosi la mayiyo pang'ono, monga ndinaonera kuphiri kuja. Ndinaonanso kuti kumbuyo kwake phiri linali lambee, lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chithunzicho chinkafunsa funso: mawa mayiyu akatola kuti nkhuni? Wojambula sanalembe mawu alionse, anangodalira kuti woona adekha. Tsiku lachisanu ndinabwereranso kukachiona ndisanakwere basi yakwathu.

Mlakatuli nayenso amagwira ntchito chimodzimodzi. Mutu wa ndakatulo uli ngati mtolo wa nkhuni uja, aliyense amauona. Koma uthenga weniweni umabisala m'mawu amene wasankha, m'chifanifani, m'mzere umene waubwereza, ngakhalenso m'zimene wasiya osanena. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nditabwerera m'kalasi ndinayamba kuwerenga ndakatulo iliyonse katatu tisanalembe kanthu. Ophunzira ena anadandaula kuti, “Sala, titsalira m'mbuyo!” Sindikunamizeni, teremu imeneyo tinatsaliradi, mpaka tinkakumana Loweruka kuti timalize. Koma mayankho awo anasiya kufanana ngati okoperana.

Tsono inu mukamatsegula ndakatulo za m'bukuli, musathamangire mfundo zoloweza. Werengani koyamba mokweza, kachiwiri mwakachetechete, kachitatu muli ndi pensulo m'manja. Mukamaliza, dzifunseni funso la mlonda uja, ndipo musakhutire ndi yankho loti mitengo basi.