Maluwa a m'zitini

Kumudzi kwathu ku Ntcheu kunalibe munthu wodzala duwa m'nyumba. Nyumba inali yogona ndi yosungira katundu, mazenera ake timabowo chabe, ndipo ndi mdima ndi utsi uja palibe chomera chikadakhala. Chodzala chinali cha kumunda kapena kudimba, komanso chinali chodya. Maluwa a m'nyumba ndinakawaonera ku Zomba, kumene ndinakwatiwa dziko litangolandira ufulu mu 1964, bambo akunyumba ali kalaliki m'boma.

Ambiri mwa maluwawo ankachokera kunyumba za azungu ndi za akuluakulu a boma, zija zili m'munsi mwa phiri. Abambo ogwira ntchito m'gadeni akadulira maluwa, nthambi zina sankataya. Ankazikulunga m'nyuzipepala yonyowa n'kupita nazo kwa akazi awo, ndipo kuchokera pamenepo zinkayenda khomo ndi khomo. Feni ndiye tinkakazula tokha m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi.

Miphika ya maluwa yogula tinalibe. Tinkasunga zitini za mkaka waufa, za mafuta a Covo, ngakhale ketulo yobooka. Chitini timachiboola kunsi ndi msomali, n'kuyala timiyala kapena makala kuti madzi asamadikhe. Dothi timakatapa pansi pa mkuyu, pamene masamba awolerana, n'kusakaniza ndi mchenga wa ku Likangala ndi manyowa a mbuzi ouma bwino. Manyowa aawisi amawotcha mizu, aliyense ankadziwa. Amene anali ndi penti ankapaka chitinicho, ena ankachiveka nsalu yoluka ndi koloshi, yomwe tinkaphunzira ku sukulu ya amayi.

Kusamala kwake kunkatsata nyengo. Mu Okutobala tinkathirira pafupipafupi, koma mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, tinkayamba tapisa chala m'dothi. Likakhala lonyowa, osathira. Maluwa ambiri a m'nyumba amafa ndi madzi ochuluka, osati ludzu, chifukwa mizu imawola masamba n'kuyamba chikasu. Masamba a tiyi otsala mu tiipoti ndi zikamba za mazira zosinja zinkapita m'chitini. Nsabwe zikagwira masamba, mankhwala ake anali thovu la sopo wa Sunlight kapena madzi oviikamo fodya. Loweruka, tikatha kukwecha simenti ndi Cobra, tinkapukuta masamba ndi kansalu konyowa n'kutembenuza zitini kuti chomera chisapendekere kuwindo. Mvula yoyamba ikagwa zitini zonse zinkatuluka panja kuti zikasambe.

Panalinso zikhulupiriro zake. Money plant, ija yoyanga pakhoma, ankati imaitana ndalama, koma pokhapokha utachita kuba. Choncho mlendo akamatsanzika, mwini nyumba ankayang'ana kumbali dala, mnzake n'kutsina kanthambi n'kukabisa m'chitenje. Onse awiri ankadziwa. Kanthambiko kankakhala m'botolo la Fanta mpaka katatulutsa mizu. Ndalamazo sitinazione, koma chomeracho chinkazungulira chithunzi cha ukwati mpaka kukafika pa cha a Ngwazi. Kuchipinda chogona sitinkaikako duwa, poti ankati usiku limalanda mpweya. Lina la masamba aakulu a mawanga oyera tinkaliika pamwamba, kutali ndi ana, chifukwa utomoni wake umatupitsa m'kamwa, ndipo izi zokha sizinali nthano.

Chomwe ndimakumbukira kwambiri n'chakuti duwa silinkagulidwa. Maina a m'mabuku sitinkawadziwa, ndiye duwa linkatchedwa ndi amene anakupatsa. Ili ndi la mayi busa, ilo ndi la akazi a sajenti, lofiiralo ndi la amayi a ku Karonga aja. Mzere wa nyumba zathu unali wa anthu a zilankhulo zosiyana, Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, ndipo mkazi wobwera kumene m'tauni ankayamba kuzolowerana ndi anzake popempha mbewu ya duwa. Ukapempha duwa mawa upempha mchere, mkuja akuperekeza kuchipatala. Lako likauma sunkadandaula, unkangopita kwa amene unamugawira n'kukatenganso. Paja kupatsa n'kuika.

Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mabanja ambiri a ogwira ntchito m'boma tinakwera malole. Mipando ndi mabedi zinkamangidwa kumbuyo, koma zitini amayi tinkazifungata pamiyendo ulendo wonse. Ku Area 18 tinapeza fumbi lofiira, mphepo ndi dzuwa, mitengo yamthunzi kulibe. Feni wa ku Zomba anakana, anauma pafupifupi yense. Zolimba ngati alovera ndi lija la masamba oongoka okhala ngati malupanga ndizo zinapirira, ndipo zinagawidwanso m'nyumba zatsopanozo kufikira mzere wonse unabiriwira.

Kenaka kunabwera maluwa apulasitiki. Safuna madzi, safuna dzuwa, amangofuna kukuntha fumbi, ndipo akazi olembedwa ntchito anawakonda chifukwa nthawi inachepa. Mipanda ya njerwa inakweranso, moti lero munthu sadziwa chomwe chili pawindo la mnzake. Maluwa amoyo sanathe ayi. Anyamata akuwagulitsa m'machubu akuda m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, mitundu yambiri kuposa yomwe ife tinkaidziwa, ndipo ndi ntchito yabwino yodyetsa mabanja. Chinachepa ndi kugawana.

Ana anga, ngati muli ndi duwa m'nyumba, boolani chitini kunsi, musalimize ndi madzi, ndipo tayani madzi otsalira m'kambale kuti udzudzu usaswane. Likaphuka nthambi, dulani imodzi mukapatse a nyumba yoyandikana nanu.