Shimabala: Miyala Yokumbutsa Nyanja Zakale

Munthu wochokera ku Lusaka kulowera ku Kafue, akangopitirira Chilanga, amafika pa Shimabala. Ambiri amadziwa malowa chifukwa cha chipata cholipirirapo msonkho wa pamsewu, malole odzaza miyala, ndi fumbi loyera lochokera m'maenje okumbamo miyalayo. Komatu miyala imeneyi ili ndi mbiri yakale kuposa fuko lililonse la anthu.

Dera la Shimabala ndi Chilanga lili ndi mwala wa laimu wochuluka. Ndiwo unachititsa kuti fakitale ya simenti ikhazikitsidwe ku Chilanga mu 1949, ndipo simenti yake inathandiza kumanga damu la Kariba pakati pa 1955 ndi 1959. Akatswiri a za miyala amatiuza kuti mwalawu unayamba ngati matope ogona pansi pa nyanja yosaya, zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Taganizani, abale: pamene lero pali minda ya chimanga ndi msewu wa phula, kale pankagavira mafunde.

Wina angafunse kuti, ngati panali nyanja, kodi muno tingatolemo zigoba za ammonite zija zimene anthu akunja amazigula ndi ndalama zambiri? Yankho n'lakuti ayi. Mwala wa ku Shimabala unapangika zamoyozi zisanakhaleko, ndipo pambuyo pake kutentha ndi kupsinjika kwa pansi pa nthaka kunausandutsa mwala wolimba wonyezimira.

Ammonite chinali chamoyo cha m'nyanja chokhala m'chigoba chopindika ngati cha nkhono, koma chogawika zipinda. Nyamayo inkakhala m'chipinda chakukhomo, ndipo zipinda zam'kati zinkaithandiza kuyandama. Dzinali linachokera kwa Ammon, mulungu wa Aejipito amene ankamujambula ndi nyanga za nkhosa yamphongo. Zigoba zambiri n'zokulungika mothinana ngati nkhata ya pamutu, koma pali zina zosowa zimene mipindi yake siikhudzana, monga Crioceratites ndi Ancyloceras. Zina mwa izo zimawongoka kenaka n'kupindika ngati mbedza. Zoterezi zimathyoka msanga, n'chifukwa chake chathunthu chimakhala chamtengo wapatali. Zamoyo zonsezi zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, pamodzi ndi madinosaur. Kuno kum'mwera kwa Africa zigoba zake zimapezeka kufupi ndi gombe, monga ku KwaZulu-Natal, ku Mozambique ndi ku Madagascar.

Koma Zambia siinamanidwe. Mukawoloka mlatho wa Kafue n'kutsata msewu wa ku Chirundu, mudzafika pa Chirundu Fossil Forest, pomwe mitengo yakalekale inasanduka miyala. M'chigwa cha Luangwa mwapezeka mafupa a nyama zimene zinakhalako madinosaur asanafalikire. Ku Kabwe, mu 1921, anthu okumba mgodi anafukula chibade cha munthu wakale, chimene chinatengedwa kupita ku London. Nkhani ya chibadechi ndi phunziro kwa ife: chuma chotere chikatuluka m'dziko, kubwerera kwake n'kovuta. Lamulo la 1989 lokhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu zoterezi, ndipo kuzichotsa pamalo kapena kuzitumiza kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Chigoba chochotsedwa mwachisawawa chimataya umboni wa malo ndi msinkhu wa mwala womwe chinagonamo.

Mkhristu asaope maphunziro amenewa. Mmodzi mwa oyambitsa sayansi ya miyala anali Niels Stensen wa ku Denmark, amene mu 1669 anafotokoza kuti miyala yoyalana imasanjikana motsatira nthawi, yakale pansi, yatsopano pamwamba. Pambuyo pake anadzozedwa kukhala episkopi, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamutcha Wodala mu 1988.

Choncho makolo, mwana akabwera kunyumba ndi mwala wachilendo, musamukalipire kuti wadetsa thumba la malaya. Mufunseni kumene wautola, muwaonetse aphunzitsi, ndipo ngati ukuoneka ngati fupa, chigoba kapena mtengo, dziwitsani oyang'anira zinthu zakale m'malo mougulitsa kwa wodutsa m'njira. Ndalama ya wodutsayo idzatha sabata imodzi, koma mwalawo ukasungidwa udzaphunzitsa ana a ana athu ntchito zodabwitsa za Mlengi.