Toti ya Port Ellen

Usiku umene ndinalawa Port Ellen ndinali nditatsuka matambula kuyambira 5 koloko madzulo, miyendo ikuchita kuphwanya. Ndinkagwira ganyu m'bala ina ku Glasgow uku ndikuchita digiri yachiwiri, ndipo botolo limeneli linkakhala pashelefu yapamwamba penipeni, pofika ndi makwerero. Toti imodzi, mamililita 25 okha, mtengo wake unkaposa malipiro anga a mashifiti awiri. Titatseka, abwana anaona kuti mwatsala tapansi tosakwana kugulitsa, basi n'kuthira m'katambula. "Usagugudize," anatero, "yamba wanunkhiza."

Utsi. Osati wa moto umene ukuyaka, koma wa m'khitchini ya udzu m'mamawa, moto utazima dzulo. Pansi pa utsiwo panali kafungo ka kuchipatala, ka mankhwala otsukira pachilonda aja, ndi ka ndimu chapatali. M'kamwa unayamba ndi kutsekemera pang'ono, kenako mchere, ndiye kutentha kumatsika pang'onopang'ono ngati sikukufuna kukafika. Atadonthezamo madzi, ndimu uja anabwera kutsogolo. Ndinkafuna usakome kuti ndiziwaseka bwino ogulawo, koma ayi ndithu, unali wokoma.

Abwana anayamba ulaliki. Single malt ndi whisky wa chimera cha balere chokhachokha, wotchezedwa pafakitale imodzi, ndipo lamulo la ku Scotland limati akhale mumgolo wa mtengo wa oak zaka zosachepera zitatu. Utsi uja umachokera ku peat, dothi lakuda la zomera zowolerana m'madambo, limene pachilumba cha Islay amaliwotcha poumitsa chimera. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya mowa imauluka mumgolo, iwo amati gawo la angelo. Fakitale ya Port Ellen inatsekedwa mu 1983 ndipo inatsegulidwanso mu 2024, kutanthauza kuti zimene ndinamwazo zinatchezedwa ine ndisanabadwe. Botolo lakalelo likatha, palibe lina lolowa m'malo.

Iwo akulankhula, ine mtima unali ku Ntcheu. Chimera, kutcheza, mpaipi wodutsa m'madzi ozizira, zonsezi ndinakula nazo. Agogo ankatcheza kachasu wa madeya ndi shuga, ndipo fizi yanga kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 inatuluka m'mavelemoti. Nawonso kulawa ankakudziwa: kadontho palilime, kena pamoto, n'kuyang'ana lawi. Kusiyana kwake, ku Scotland zoyamba kudontha ndi zomalizira amazibwezera mumphika n'kusunga zapakati, pamene kwathu mutu ndiye wodula. Koma anzanga akandifunsa kusukulu, ine ndinkati agogo amagulitsa mandasi. Zaka zinayi, mandasi.

Nanga mtengowo n'ngoyenera? Mu November 2023 botolo la Macallan 1926 linagulidwa mapaundi oposa 2 miliyoni pa okushoni ya Sotheby's ku London. Sindikhulupirira kuti wogulayo adzalitsegula, komanso whisky akalowa m'botolo sakhwimanso, amangodikira. Kwa ine Port Ellen anaposa Lagavulin wa zaka 16 amene tinkathira tsiku lililonse, koma anamuposa pang'ono, osati molingana ndi kusiyana kwa mitengoyo. Ndalama zotsalazo ukulipira chitseko chimene chinatsekedwa mu 1983.

Abwana atandifunsa maganizo anga, ndinangopezeka ndikuwauza za agogo, koyamba kuuza munthu chilowereni ku sekondale. Sanaseke. Anafunsa kuti mpaipi wawo unali wa chitsulo chanji, ine kukamwa yasa, sindinkadziwa.

Lamlungu ndinaimba pafoni ya amalume. Agogo anati mpaipi unali wa felemu ya njinga yakale ya agogo aamuna. Ndinawafotokozera za migolo, za angelo, za mowa wokhala zaka makumi osagulitsidwa. Anakhala kaye chete, ndinaganiza kuti netiweki yathawa.

"Nanga zaka zonsezo akudikira," anafunsa, "ana awo ankadya chiyani, mdzukulu wanga?"