Zomwe foni imataya isanasunge chithunzi

Ambiri mwa ife timajambula manotsi a anzathu, masamba a mabuku a ku laibulale ndi zolemba za pa bolodi pafupifupi tsiku lililonse. Sitidzifunsa kuti foni ikamasunga chithunzicho yasiyapo chiyani. Komatu imasiya zambiri, ndipo imasankha zosiyazo mwadala, motsata tebulo la manambala 64. Ine ndimaphunzira mbiri yakale, masamu ndinawasiya ku sekondale, komabe ndikuona kuti tebulo limeneli likutikhudza ife a humanities kuposa momwe timaganizira.

Chithunzi cha madontho 12 miliyoni, chikasungidwa chonse popanda kuchepetsa, chimadya malo okwana ma megabyte 36. Bandulo ya wophunzira singapirire zimenezo. N'chifukwa chake mafoni ndi makamera ambiri amagwiritsa ntchito JPEG, njira yomwe gulu la Joint Photographic Experts Group linakhazikitsa mu 1992. JPEG imadula chithunzi m'timabokosi ta madontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Kabokosi kalikonse kamasandutsidwa manambala 64 pogwiritsa ntchito masamu otchedwa discrete cosine transform, omwe Nasir Ahmed ndi anzake T. Natarajan ndi K. R. Rao anafalitsa mu 1974. Nambala yoyamba imanena za kuwala kwa kabokosi konse. Zotsatirazo zimanena za kusinthasintha kwa mkati mwake, ndipo zakumapeto zimasunga tinthu ting'onoting'ono ngati m'mphepete mwa chilembo.

Mpaka pamenepa palibe chachikulu chatayika. Kutaya kumayamba pa sitepe yotchedwa quantisation. Ganizirani kondakitala wa minibasi yemwe alibe chenji cha timakobiri, mtengo uliwonse amaufikitsa pa 100 kwacha yapafupi. Foni nayo imagawa nambala iliyonse ndi inzake ya m'tebulo, n'kutaya zotsalira. M'tebulo lachitsanzo la JPEG la kuwala, nambala yoyamba ndi 16, yomaliza ndi 99. Mukagawa 100 ndi 16 mumapeza 6.25, foni imasunga 6, ndipo potsegula chithunzicho imabweza 96. Kusiyana kwake n'kochepa. Koma mukagawa 40 ndi 99 mumapeza 0.4, foni imasunga 0, ndipo 40 uja sadzabweranso. Maziro ambiri otsatizana amasungika m'malo ochepa kwambiri, apa ndi pamene fayilo imaondera.

Amene amapanga kachipangizo ka m'kamera komwe kamagwira ntchitoyi ali ndi mutu wawo wowawa. M'chithunzi chimodzi cha madontho 12 miliyoni muli timabokosi 187,500 ta kuwala kokha, ndipo kalikonse kamafuna kugawa ka 64. Kugawa ndi ntchito yolemera kwa kachipangizo kotere, imachedwa komanso imadya batire. Ndiye akatswiri amazemba: m'malo mogawa ndi 16, amasungiratu gawo limodzi mwa magawo 16 n'kuchulukitsa nalo, chifukwa kuchulukitsa n'kwachangu. Ena amasankha manambala ngati 16, 32 ndi 64, omwe makina amagawa nawo pongosuntha ma bit. Palinso vuto lakuti kukula kwa fayilo sikudziwika ntchito isanathe. Chithunzi cha thambo loyera chimachepa mosavuta, cha msika wodzaza anthu chimakana. Kamera ilibe nthawi yoyesa matebulo makumi awiri inu mutaima n'kudikira, choncho imayerekeza msanga n'kusankha mlingo umodzi wokulitsira kapena kuchepetsera tebulo lonse. Nambala ya quality yomwe mumaiona m'mapulogalamu ambiri ndi mlingo womwewu: pa sikelo ya Independent JPEG Group, 50 ndi tebulo lachitsanzo lija momwe lilili, pamene 75 imadula manambala ake pakati.

Luso limeneli ndimalilemekeza. Popanda ilo, chithunzi cha mwana wobadwa kumene sichikanafika kumudzi pa netiweki yofooka. Chomwe ndikufuna tizindikire n'chakuti tebulolo ndi chiweruzo cha anthu pa funso lakuti diso la munthu silingasowe chiyani. Yankho lawo linachokera ku kuyesa maso: timaona kusintha kwa kuwala kuposa kwa mtundu, ndipo tinthu tating'ono kwambiri timatiphonya. Pa nkhope, mitengo ndi nyanja yankholi limagwira bwino. Pa zolemba limapunduka, chifukwa chilembo chakuda pa pepala loyera chimadalira m'mphepete mwakuthwa, momwe muli manambala omwe tebulo limawagawa ndi 99 aja. N'chifukwa chake kuzungulira zilembo mumaoneka timadontho tonga udzudzu, ndipo chithunzi chikadutsa m'magulu atatu kapena anayi, n'kumachepetsedwanso kapena kujambulidwa pa sikirini, zilembo zimayamba kufanana.

Kwa ife owerenga zakale, tanthauzo limakhala m'tinthu tomweto. Kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ m'mawu oti Malaŵi ndi madontho ochepa chabe. Chaka cha 1915, chomwe John Chilembwe anaukira atsamunda, chimasiyana ndi 1918 pa kamzere kamodzi. Kalata yolembedwa ndi pensulo zaka zana zapitazo, ngati zomwe zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndi yofooka kale, ndipo makina saona kusiyana pakati pa chilembo chofufutika ndi dothi la papepala. M'kalasi timaphunzitsidwa kufunsa kuti analemba chikalatachi ndani, nanga anasiyapo chiyani. Funso lomweli liyenera kufunsidwa kwa kamera yomwe yachijambula.

Pempho langa kwa anzanga ndi losavuta. Mukajambula chinthu chomwe mudzachitchule mu dizeteshoni, ikani kamera pa quality yapamwamba, yandikirani tsambalo, ndipo jambulani pamalo owala. Potumiza, tumizani ngati document kuti fayilo ipite momwe ilili. Sungani choyambiriracho penapake, musadalire chomwe chazungulira m'gulu la kalasi. Zidzakudyerani ma megabyte owonjezera, koma nambala yomwe yasanduka 0 palibe pulogalamu yomwe ingaibweze momwe inalili.