Miyendo ikutha, pepala likadali lomwe lija

Ku Nsambe kulibe njira yongoyala. Popita kumadzi utsika, pobwerako ukwera. Kumunda wa mbatatesi, kuchigayo, kutchalitchi, ngakhale kumanda kumene, konseko n'kukwera ndi kutsika. N'chifukwa chake kumapiri kuno, m'dera la Mfumu Dambe ku Neno, munthu amene miyendo yayamba kumukana amadziwika msanga kuposa mnzake wa kuchigwa ku Lisungwi kapena ku Zalewa. Wa kuchigwa akhoza kudzikoka ndi ndodo zaka zingapo moyo ukuyendabe. Wa kuno, chaka choyamba nyamakazi imamulanda munda wa kutsidya, chachiwiri imamulanda dimba, chachitatu n'kumusiya pakhonde.

Kale panalibe amene ankalemba zoterezi m'buku. Panalibe fomu, panalibe chidindo, komanso panalibe tambala yochokera kuboma. Koma munthu ankayezedwa ndithu, ndipo ankayezedwa tsiku ndi tsiku, ndi maso a abale ake. Mwinimbumba akaona kuti mlongo wake wayamba kupumira kawiri pa chitunda chimene kale ankachikwera atasenza mtolo wa nkhuni, sankadikira kuti wina adandaule. Ankangonena kuti chaka chino achemwali asiye munda wa kutali, alime wa kuseri kwa nyumba. Chaka chinacho zikafika poti khasu lalemera, ankaitanitsa dima. Amayi ankaphika thobwa, kapena mowa kwa amene mpingo wawo sunkaletsa, anthu n'kusonkhana m'mamawa, dzuwa lisanafike paliwombo mizere yonse yatha.

Chimene ndimachisirira pa nthawi imeneyo n'chakuti thandizo linkakula motsatira vuto. Bambo amene sakuthanso kuima ndi khasu ankapatsidwa ntchito zogwira chikhalire: kuluka malichero ndi madengu, kusoka mphasa, kusema mipini, kutonola chimanga, kuyang'anira adzukulu anthu akapita kumunda. Nyengo ya tirigu ankamukhazika m'mbali mwa munda kuti aziingitsa mbalame. Sankadya zaulere, ndipo iye mwini ankadziwa zimenezo, choncho mbale ya nsima ankailandira mopanda manyazi. Zikafika poti ngakhale kudzuka pamphasa n'kovuta, ankamupatsa mdzukulu woti azigona naye, womutungira madzi, womusonkhezera moto usiku wa mu Juni pamene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Akadwala kwambiri, amuna ankadula nsungwi ziwiri, n'kumangirira bulangete, machila atheka. Ankasinthana mapewa mpaka kumishoni ku Matandani, kumene a mpingo wa Seventh-day Adventist anakhazikika mu 1908, kapena kuchipatala cha mishoni cha pa Nsambe pomwepa.

Tisanamizane kuti zonse zinali zokoma. Chifundo chimenechi chinkagwera makamaka munthu amene walumala atakula, amene anthu ankamukumbukira ali ndi mphamvu. Mwana wobadwa ndi ulumali nthawi zambiri ankabisidwa kuseri alendo akabwera. Kusukulu sankapita. Maina amene ankapatsidwa sitingawatchule pano. Wodwala khunyu ankadyera mbale yakeyake, ndipo akagwa pamoto ena ankaopa kumukhudza. Nkhalamba yopanda ana, miyendo ikatupa, mwina m'malo mwa dima inkalandira dzina la ufiti. Ndipo mtolo wonse wa kusambitsa, kuchapa ndi kutembenuza wodwala unkagwera amayi ndi atsikana, amene sankafunsidwa n'komwe ngati akufuna. Makolo ankachenjeza kuti lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza, koma si onse ankamva.

Boma nalo linali kutali kwambiri. Lamulo loyamba lokhudza anthu aulumali linabwera mu 1971, ndipo ndilo linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA. Mu 1979 kunayamba Malawi Against Polio, imene inathandiza ana ambiri opuwala ndi poliyo kupeza zitsulo za m'miyendo ndi ndodo, ndipo pambuyo pake inasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Koma malo ophunzitsira ntchito anali ku Magomero, fakitale yoluka inali ku Bangwe, chipatala cha Kachere chinali ku Blantyre. Neno pa nthawiyo sinali boma payokha, inali mbali ya boma la Mwanza mpaka 2003. Munthu wa ku Nsambe amene anafikako kumalo amenewa ankakhala nkhani ya m'mudzi chaka chonse.

Lero zambiri zasintha, ndipo wokana zimenezi ndi wosayamika. Chibwerereni bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mu 2007, Neno ili ndi chipatala chachikulu pa Boma, china ku Lisungwi, ndipo mu 2016 kwa Dambe kunatsegulidwa chipatala chaching'ono chimene chinafupikitsa ulendo wa anthu a kumtunda. Azaumoyo a m'midzi amayenda khomo ndi khomo. Kuyambira mu 2015 kuli kiliniki ya matenda amgonagona imene imaona pamodzi odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, mphumu ndi amene ali pa ma ARV. Wodwala khunyu amene kale ankasalidwa tsopano amalandira mankhwala n'kumalima ngati wina aliyense. Malamulo nawo akula: Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, inakhazikitsa lamulo latsopano mu 2012, ndipo lina la mu 2024 linasintha MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Mwana wobisidwa uja tsopano amawerengedwa.

Koma pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa mpaka vuto litawagwera. M'Malawi muno mulibe ndalama ya mwezi ndi mwezi imene munthu amalandira kuboma chifukwa chakuti ndi wolumala basi. Chimene chilipo ndi Mtukula Pakhomo, amene anayamba moyeserera ku Mchinji mu 2006 ndipo anafika m'maboma onse 28 pofika mu 2018. Dzina lake likunena zoona: amayang'ana khomo, osati miyendo ya munthu. Khomolo liyenera kukhala losaukitsitsa, komanso lopanda munthu wamphamvu wogwira ntchito, kapena kukhala ndi wamphamvu mmodzi amene akusenza anthu oposa atatu. Ndondomekoyi inakonzedwa kuti izifikira pafupifupi khomo limodzi mwa makomo khumi alionse. Kuchuluka kwa ndalama kumatengera chiwerengero cha anthu pakhomo ndi ana amene ali pasukulu. Woyenda ndi ndodo imodzi ndi wogona chigonere, ngati makomo awo ali ofanana kukula, amalandira chimodzimodzi.

Tsono taganizirani bambo wa zaka za m'ma 50 amene olemba maina anamupeza akuyendabe ndi ndodo. Pakhomo panali mkazi wake wamphamvu, ndi mnyamata wa zaka 20. Analembedwa kuti khomoli lili ndi manja ogwira ntchito, ndipo tsiku limenelo zinali zoona. Patapita zaka ziwiri mnyamata uja walowera ku Joni, bambo aja sitiroko yawagwira mbali imodzi, mayi asiya kupita kumunda chifukwa sangawasiye okha kuyambira m'mawa mpaka masana. Khomo lataya alimi atatu. Koma zolembedwa zija zili ngati chithunzi cha pa chiphaso cha unzika: mwini wake akukalamba, icho chikadali ndi nkhope ya tsiku lojambulitsa.

Apa ndi pamene banja limayamba ulendo wopempha kuti awaonenso. Mayankho ake anthu a kuno amawadziwa pamtima. "Dikirani kalembera wina." "Dzina lawo silinatuluke mu kompyuta." "Malo anakwana, pokhapokha wina atachoka." Ndipo lopweteka koposa, ngakhale wolinena sakhala ndi mtima woipa: "Mubwere nawo tidzawaone." Kuti munthu atsimikizire kuti sangathe kuyenda, ayenera kuyenda. Kuchoka ku Nsambe kupita pa Boma, nyengo ya mvula, pa msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza umene akhala akuulonjeza phula zaka ndi zaka, ndi ulendo umene ngakhale wamiyendo yabwino amauganizira kawiri. Wofa ziwalo sangakwere yekha kabaza wa njinga yamoto. Pafunika wina kumbuyo womugwira, ndipo mtengo umakwera. Ndalama ya ulendo umodzi wotere ikhoza kumeza zimene akanalandira mwezi wonse, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ulumali ukamakula, umadya ndalama m'njira zimene fomu siifunsa. Sopo amatha msanga chifukwa zofunda zikuchapidwa tsiku lililonse. Chimbudzi chokhala chonjuta sichithekanso, pafunika mpando woboola kapena ndowa. Zilonda za pamsana zimafuna matiresi pamene kale mphasa inkakwana. Mtsikana wa Sitandade 7 amayamba kujomba kusukulu kuti amayi ake apiteko kuganyu. Ngakhale njinga ya olumala, imene anthu akufuna kwabwino amabweretsa ndi kamera ndi zolankhula, nthawi zambiri imakhala ya matayala opyapyala opangidwira simenti ya m'chipatala. Kuno imayenda kuchoka pakhonde kufika pankhokwe, ikaphulika tayala n'kusanduka poyanika zovala. Munthu amene anapatsidwa ndodo zaka zisanu zapitazo mwina lero akufunika njinga, ndipo amene anapatsidwa njinga mwina akufunika ina yogwirizana ndi msana wake umene wapindika. Zimenezi sizingadziwike popanda wina kubweranso kudzamuona.

Ana athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town amatiuza za mmene zilili kumeneko. Bungwe la SASSA limapereka ndalama ya ulumali kwa munthu wa zaka 18 mpaka 59, dokotala akamuyeza. Ina imakhala ya miyezi 6 mpaka 12, ina yokhalitsa, ndipo munthu akafika poti akufunika womusamalira nthawi zonse pali ina yoonjezera. Kumenekonso anthu amadandaula ndi mizere ndi kukanidwa, ndipo Amalawi ambiri okhala kumeneko sailandira chifukwa ndi ya nzika, okhazikika mwalamulo ndi othawa kwawo ovomerezeka. Chuma chathu si cha South Africa, zimenezo tikudziwa. Koma mfundo yakuti vuto likakula thandizo likule, ndipo pakhale khomo lodziwika logogodapo, sifuna migodi ya golide. Agogo athu ankaitsatira ndi thobwa ndi nsungwi.

Ena amati vuto ndi ana amakono, alibe chikondi. Ine sindivomereza. Dima linafa pamene feteleza anakhala mwini munda ndipo tsiku lililonse la munthu linapeza mtengo wa ganyu. Minda inachepa, mbumba zinabalalika. Edzi ya m'zaka za m'ma 1990 inatenga anthu a msinkhu womwe ukanasenza machila, n'kusiyira agogo ana amasiye. Mnyamata amene ali ku Joni sanathawe bambo ake, anapita kukasaka ndalama ya sopo yemwe uja. Mudzi ukadali ndi maso, amaona bwinobwino kuti uje miyendo yatha. Chimene ulibe ndi mphamvu yosandutsa zimene waonazo kukhala thandizo, chifukwa mphamvuyo inasamukira m'kaundula wa Mtukula Pakhomo amene amatsegulidwa patapita zaka.

Kwa banja limene lili pa vuto limeneli lero, pali zochepa zimene zimathandiza. Buku la kuchipatala ndilo mboni yanu. Ulendo uliwonse pemphani adokotala alembe zimene wodwala sakuthanso kuchita, osangoti "miyendo kuwawa": kuti sangathe kufika kuchimbudzi yekha, sangathe kusamba yekha, wagwa kangapo. Wodwala asadzilimbitse pamaso pa woyeza. Ife Amalawi tikafunsidwa kuti muli bwanji timati tili bwino ngakhale tikufa, ndipo amuna a kumapiri kuno amachita manyazi kuvomera kuti amanyamulidwa. Manyazi amenewo amalembedwa ngati mphamvu. Uzani wazaumoyo wa m'mudzi, uzani amfumu, uzani komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu kuti pakhomo pasintha, amene ankalima wachoka kapena wadwala, ndipo nkhaniyo ifike ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Funsaninso kuchipatala za mafizo ndi zipangizo zoyendera zoyenera mmene thupi lilili tsopano. Mukapitako musapite nokha, ndipo mulembe tsiku ndi yankho limene mwapatsidwa.

Koma mtolo waukulu si wa banja. Neno ili kale ndi chinthu chimene maboma ambiri alibe: anthu amene amalowa m'makomo ndi kuona odwala ndi maso awo. Chimene chikusowa n'chakuti zimene iwo aona zizitha kutsegula kaundula chaka chomwecho, osadikira kalembera wina. Makhansala, aphungu, makomiti a chitukuko a kwa Dambe ndi a MACODA, nkhaniyi ili m'manja mwanu. Munthu amene miyendo yake yatha asauzidwenso kuti abwere pa Boma adzaonedwe. Woyeza ndiye akwere phiri, akamupeze pakhonde.