Njanji Imene Imafolera Nyumba Zathu

Amayi anzanga, kuno kwathu ku Chintheche kulibe njanji. Sitima imene ife tinaizoloŵera ndi ya pamadzi, Ilala, imene imakocheza pa doko la Nkhata Bay. Komatu nyumba zambiri zamalata zimene mumaziona kuchokera ku Bandawe mpaka ku Kande zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo ena mwa otumiza ndalamazo amakwera sitima ya pamtunda tsiku ndi tsiku popita ku ntchito. Tiyeni lero tiyende nawo pa njanjiyo.

Mzinda wa Johannesburg unamangidwa mwatsankho. Boma la azungu linaika anthu akuda kutali ndi malo a ntchito, m'malokeshoni onga Soweto, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa mzinda. Ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994, koma mtundawo sunafupike. Motero munthu wokhala ku Naledi, kumene njanji ya ku Soweto imathera, amadzuka kusanache. Sitima za Metrorail zimamudutsitsa pa Merafe, Dube, Phefeni ndi Mzimhlophe, nizifika pa New Canada, pamene pamakumana njanji ina yochokera ku Kliptown ndi Orlando. Kuchoka apo ndi Langlaagte, Braamfontein, kenaka Park Station, siteshoni yaikulu imene ena mwa mabasi ochokera kuno ku Malaŵi amatsitsirapo anthu.

Musaganize kuti ulendo wathera pomwepo ayi. Wophika kapena wosamala maluŵa ku nyumba za anthu olemera, monga ku Randburg, ayenera kukweranso minibasi. Ilipo sitima ina yaliŵiro yotchedwa Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010 ndipo imafika ku Sandton, koma mtengo wake ngwokwera kwa wantchito wa m'nyumba.

M'sitima za m'mamaŵa anthu amapanikizana ngati usipa m'chilimira. Kale ogulitsa zipatso ndi masiwiti ankayendayenda, ndipo m'zipinda zina apaulendo ankapemphera ndi kuimba nyimbo za Mulungu mpaka kufika m'tauni. Anthu amapirira zonsezi chifukwa sitima ndiyo yotsika mtengo kuposa minibasi.

Mu 2020, pa nthaŵi ya mliri wa Covid-19, sitima zinaima. Akuba anapezerapo mpata, nadula mawaya a magetsi ndi kuphwasula masiteshoni ambiri. Antchito anayamba kukwera maminibasi, ndalama yambiri nkumathera pa msewu. Njanji ya ku Naledi inatsegulidwanso mu 2022, ndipo masiku ano kumeneko kukuyenda sitima zatsopano zabuluu.

Ena mwa inu munaona ndalama zikuchepa m'zaka zimenezo, mitima nkuyamba kulingalira kuti abambo apeza mkazi wina, kapena asanduka mtchona. Inde, zoterezi zimachitika, ndipo sitingabise. Koma mabanja ena anagwedezeka chabe chifukwa cha kusadziŵa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukamalankhula pa foni, funsani modekha: kodi mumakhala lokeshoni iti? Mumakwera chiyani popita ku ntchito? Ulendowo umadya ndalama zingati pa mwezi? Mwamuna wofunsidwa motero amadziŵa kuti mkazi wake akusenza naye katunduyo, ndipo inunso mumatha kuŵerengera bwino zimene zingatsale.

Tsono ndalamayo ikafika, tiilemekeze. Tiyambe ndi fizi ya ana, kenaka tisungeko ku banki nkhonde ya gulu lathu, kapena tiyambire kabizinesi ka nsomba ndi ufa wa kondowole, kuti njanji ya ku Joni ikadzaimanso, moto usadzazime pakhomo. Mwana wathunso akati akufuna kupita, timuuze zoona: atenge pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito, ndipo adziŵe kuti kumeneko ntchito imayamba ndi kuima pa siteshoni kunja kuli mdima ndi chisanu.