ANA AMENE SANALI M'KAUNDULA

Kuwerenga: Yohane 6:1-13, Marko 6:35-44



Sukulu ya Baibulo ya pa tchuthi yatsekedwa Lachisanu lapitali. Achinyamata amaitcha kampu, ngakhale palibe mwana amene amagona. Amafika 8 koloko m'mawa nabwerera kwawo 3 koloko masana. Ndinali mmodzi wa akulu a mpingo amene anapatsidwa udindo woyang'anira masabata awiriwa. Ndikukulemberani chifukwa abusa apempha milaga yonse kuti ikambirane ganizo lina lisanapite ku seshoni: kuti chaka chamawa tizilandira ana a mpingo uno okha, kapena mwana aliyense azilipira polowa. Ine sindigwirizana nalo, ndipo ndifuna mumve zifukwa zanga.

Tinakonzekera ana a Sande Sukulu, amene maina awo tili nawo. Pofika tsiku lachitatu chiwerengero chinatsala pang'ono kuwirikiza. Owonjezerawo anayamba aima kumpanda, akusuzumira, ena atabereka ang'ono awo kumsana, milomo itang'ambika ndi mphepo ya Ogasiti. Sindikubisirani: ambiri anatsata fungo la phala. M'masukulu ambiri a pulayimale ana amalandira phala la Likuni, lija la chimanga ndi soya, kudzera m'mabungwe monga Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002. Sukulu zikatsekera mu Julaye, poto wa phalalo amavundikiridwanso kufikira Sepitembala. Kumudzi nyengo ino nkhokwe zikadali ndi kanthu, koma m'tauni muno ufa ndi wogula, ndipo makolo amalawirira ku geni ndi ku maganyu. Mwana amaswera yekha, kumsewu, kudambo, kapena m'tinyumba tamdima toonetsa mafilimu.

Amayi a Chigwirizano ndiwo anasenza katundu weniweni. Ufa umene tinauyeza kuti ukwane masiku khumi unayamba kuoneka pansi pa thumba sabata yoyamba isanathe. Mbale zinachepa, ana nayamba kudya mosinthana, gulu lina likutsuka pamene lina likudikira. Nyemba zinathiridwa msuzi wochuluka kuposa umene mayi aliyense angavomere m'nyumba mwake. Asungichuma anabwera ndi kope lawo natisonyeza masamu, ndipo masamuwo anali oona.

Apa ndikupempheni mutsegule Yohane 6. Timafulumira kumuseka Filipo, koma Filipo sananame. Anayang'ana khamu lija, nawerengera kuti ngakhale ndalama zimene waganyu angapeze atagwira ntchito masiku 200 sizikanakwanira kuti yense alawe pang'ono. Mpingo uliwonse umafunika Filipo wake, ndipo amene abweretsa ganizo la malipiro si anthu ouma mtima. Ena mwa iwo ndiwo anapisa m'matumba mwawo ufa utatha. Chimene Ambuye anakana ndi njira imene ophunzira anaipeza pa Marko 6, yoti anthu abalalitsidwe, yense akadzigulire yekha. Onaninso kuti mwa alembi anayi a Uthenga Wabwino, Yohane yekha ndiye atiuza kumene mikate isanu ndi nsomba ziwiri zinachokera: kwa mnyamata wamng'ono, wosatchulidwa dzina, amene Andreya anamupeza m'khamulo. Powerenga anthu tsiku lija anawerenga amuna akuluakulu. Mnyamatayo sanali m'chiwerengero.

Ntchito imene tikuichitayi inayambira kwa ana a kunja kwa mpanda. Robert Raikes, poyambitsa Sande Sukulu ku Gloucester cha mu 1780, anasonkhanitsa ana osauka amene ankagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, nakhala opanda wowayang'anira tsiku la Sabata. Anayamba ndi kuwaphunzitsa kuwerenga. Mu 1898, ku New York, Mayi Hawes a mpingo wa Baptist anafuna malo ophunzitsira ana a m'misewu nthawi ya tchuthi, ndipo malo amene anapeza anali nyumba yomwera mowa. Anachita lendi yomweyo. Nafenso tikumbuke kwathu. Pamene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazika misoni ku Mvera mu 1889, panalibe mwana wa mkhristu woti amulembe. Agogo athu amene analowa m'masukulu a misoni anachokera m'nyumba zimene Baibulo linali lisanalowemo. Akadafunsidwa khadi la umembala wa makolo, ine ndi inu tikadakhala kuti?

Komabe abale otsutsana nane ali ndi mfundo imodzi imene imandisowetsa tulo, ndipo si ya ufa. Mwana amene sitidziwa kwawo akadwala, tiimbira yani? Tsiku lina kamtsikana kanatentha thupi masana, ndipo panapita nthawi yaitali mtumiki wina akuyenda nako m'makwalala, kufunsa nyumba ndi nyumba. Kusunga mwana wa mwini ndi udindo woopsa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo chikachitika choipa pabwalo la tchalitchi, sitidzayankha kwa Mulungu yekha.

Mankhwala ake, m'kuona kwanga, ndi kukulitsa kaundula. Sabata yachiwiri tinatero. Mwana aliyense watsopano anaperekezedwa kwawo madzulo ndi mtumiki ndi mayi mmodzi wa Chigwirizano, kukalemba dzina la womusunga, nambala ya foni yake kapena ya woyandikana naye, ndi kupempha chilolezo. Ena ndi a mipingo ina, ena ndi Asilamu. Tinawauza poyera kuti timaphunzitsa Baibulo, ndi kuti sitinabwere kudzalanda nkhosa za wina. Ochepa anakana, ndipo tinalemekeza kukana kwawo. Ambiri anathokoza, mayi wina mpaka anatumiza mtolo wa nkhuni m'mawa mwake. Tinakhazikitsanso lamulo loti wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndine. Wina anakhumudwa nalo, akuti tikumukayikira. Lamulolo limateteza mwana, limatetezanso dzina la wamkuluyo. Nambala ya 116, yaulere, yonenerako nkhanza zochitira ana, tinailemba pabolodi ndipo ana anailoweza. Pakhomo la chimbudzi ndi pamalo odyera panali ndowa ndi sopo, ndi wachinyamata woimirira pomwepo. Amene mukukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, pamene sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale, simufunsa chifukwa chake.

Za maphunziro ndinene pang'ono. Anaimba, analoweza mavesi, anachita sewero la Yosefe ndi abale ake (oti akhale Farao analimbirana asanu), anasewera fulaye, phada ndi mpira wa mapepala mpaka fumbi kobo. Koma chinandikhudza ndi ichi: pogawa mavesi tinapeza ana a Sitandade 4, ena a Sitandade 5, amene sangathe kuwerenga mzere umodzi wa Buku Lopatulika. Ankangotsata milomo ya anzawo. Ena mwa iwo ndi athu omwe, obatizidwa pano, amene makolo awo timakhala nawo pa Mgonero. Aphunzitsi ena opuma pantchito anawatengera pansi pa mtengo wa mango, ola limodzi tsiku lililonse, kuyambira pa a, e, i, o, u. Lachisanu mnyamata wina wa aja a kumpanda anaima kutsogolo nawerenga vesi lake yekha, akuloza ndi chala, akugwa nadzuka, kufikira analimaliza. Amayi a kukhitchini anasiya zipande naimba nthungululu.

Tsono pempho langa ndi ili. Pa nthawi ya masika, mlaga uliwonse upatule thumba la chimanga lolembedwa dzina la ana, lisasakanizidwe ndi zina. Amene mumalima soya ndi mtedza, phala lija tingathe kukagayitsa tokha. Inu abale a kutali, amene mumandifunsa chimene mungachitire mpingo wa kwanu: mbale zapulasitiki, ndowa ndi mapoto awiri aakulu, zonse zipite kwa asungichuma, osati kwa ine. Ndipo inu ana athu amene mumalemba mayeso a Fomu 4 ndi kukhala pakhomo kudikira zotsatira, tikufuna manja anu. Gulu la ana a zaka zisanu linali ndi mphunzitsi mmodzi yekha, ndipo mawu anamuthera.

Milaga ikumana Lachitatu madzulo. Bwerani, ngakhale inu amene simugwirizana nane, mudzanene zakukhosi. Makolo, majuzi atatu ndi nsapato imodzi ya kumanzere zili ku vesitire; eni ake akatenge Lamulungu mapemphero a m'mawa akatha.

Ambuye akusungeni nonse.